Zaumoyo Pakhomo: Yisiti Imene Imadziwa Kuti Yalowa M'thupi la Munthu

Mayi aliyense amene anaphikapo mandasi kapena buledi amaidziwa yisiti. Ikakhala m'paketi imangokhala phee ngati mchenga. Mukaithira m'madzi ofunda n'kuwazamo kashuga, pakangopita mphindi zochepa mumaona thovu likukwera. Simunaiuze kanthu, koma yamva kufunda, yalawa shuga, ndipo yayamba ntchito. Mwezi uno tikambirana za achibale awiri a yisiti imeneyi. Nawonso amamva kufunda ndi kulawa zimene zawazungulira, koma akatero sakhala akutupitsa ufa ayi. Mmodzi ndi amene kawirikawiri amabweretsa kuyabwa ndi chikazi choyera chimene ambiri timachitcha mauka, komanso zoyera zija za m'kamwa. Winayo amatenga miyoyo ya anthu ambiri amene ali ndi kachilombo ka HIV, chonsecho ambiri a ife dzina lake sitinalimvepo.

Tiyambe tachotsa nkhawa imodzi, poti funsoli limabwera kawirikawiri tikamaphunzitsa amayi a Dorika. Yisiti yophikira ndi mtundu wina, ndipo imafa ndi moto buledi akamapsa. Kudya buledi kapena mandasi sikupatsa munthu mauka.

Wachibale woyamba dzina lake ndi Candida albicans. Uyu si mlendo. Anthu ambiri athanzi ali naye m'kamwa, m'matumbo ndiponso kumalo obisika, ndipo amakhala naye zaka zambiri osadziwa. Akakhala mwamtendere chonchi maonekedwe ake ndi obulungira ngati kadzira, kakang'ono kwambiri moti maselo 200 mutawandanda angokwana milimita imodzi. Koma nthawi ina kadzira kaja kamayamba kutulutsa kaulusi kakatali ngati muzu wa nyemba yomera. Kaulusi kameneka ndi kamene kamaboola khungu lofewa la m'kamwa kapena la kumaliseche. Funso limene akatswiri akhala nalo kwa zaka zambiri ndi lakuti, amamuuza ndani kuti nthawi yomera mizu yakwana?

Yankho lake lili mu majini. Tisathawe, awa si majini a mizimu aja. Ndi dzina la tizigawo ta malangizo olembedwa mu DNA imene ili m'selo la chamoyo chilichonse. Candida ili ndi majini pafupifupi 6,000, koma siwerenga onse nthawi imodzi. Zili ngati buku lathu la nyimbo: nyimbo zonse zilimo, koma mpingo umaimba yokhayo imene wotsogolera watchula nambala yake. Pakhungu la kaselo kaja pali mapuloteni amene ntchito yawo ndi kumva za kunja. Akamva kutentha kwa madigiri 37, komwe ndi kutentha kwa thupi la munthu, akalawa madzi a m'magazi, akamva mpweya woipa umene thupi limatulutsa, kapena akamva kuti asidi wa pamalopo wachepa, amapereka uthenga kwa puloteni ina m'kati. Iyo imapatsira inzake, inzakeyo inanso, mpaka uthenga ukafike pa DNA. Kumeneko ndi kumene nambala ya nyimbo imatchulidwa, majini omeretsa mizu n'kutseguka.

Izi si nthano. M'chaka cha 1997 akatswiri a ku America anachotsa majini awiri okha mwa amene amalandira uthengawu, otchedwa EFG1 ndi CPH1. Yisiti ija inapitiriza kukhala ndi moyo ndi kuswana, koma mizu inakanika kumera, ndipo ataibaya m'mbewa za mulabotale sinathe kuzipha monga inkachitira inzake yosasinthidwa. Mu 2016 ena a ku London ndi ku Jena m'dziko la Germany anapeza kuti kaulusi kaja kamalavulanso poizoni amene anamutcha candidalysin, ndipo ndi iyeyu amabowola maselo athu n'kuyambitsa kuwawa ndi kufiira.

Nanga bwanji tonse sitidwala? Chifukwa Mlengi anatiikira alonda. Kumalo obisika a mayi kumakhala mabakiteriya abwino amene amasunga malowo ali ndi asidi, ndipo m'malo otero uthenga womeretsa mizu umafooka. Apa ndi pamene ife timalakwitsa ndi manja athu. Munthu wangomva chimfine, wathamangira pagolosale kukagula makapusozi a amoxicillin opanda kalata ya dokotala. Chimfine sichimva makapusozi, koma alonda aja amafa nawo, ndipo masiku angapo otsatira mauka ayamba. Kutsuka m'kati ndi sopo kapena kuikamo zitsamba kumathamangitsanso alonda omwewo. Mimba imasintha m'thupi, n'chifukwa chake amayi oyembekezera amavutika nawo kwambiri. Shuga wokwera m'magazi ndiye chakudya chake chenicheni. Amayi atatu mwa anayi alionse amadwalapo vutoli kamodzi pa moyo wawo, kotero si chizindikiro cha chiwerewere, ndipo abambo tisamafulumire kuloza chala. Mwambo wodula mauka ndi lezala tiusiye: kudula sikupha yisiti, kumangotsegula chilonda cholowera matenda ena. Kuchipatala kuli mankhwala oika ndi opaka amene amathandiza m'masiku ochepa. Koma vutoli likamabwererabwerera, kapena munthu wamkulu akaona zoyera m'kamwa ndi kumva kuwawa pomeza, thupi likunena kanthu. Kayezetseni shuga ndi HIV.

Wachibale wachiwiri ndiye watichititsa kulemba nkhaniyi. Dzina lake ndi Cryptococcus neoformans, ndipo achipatala amangofupikitsa kuti crypto. Uyu kwawo si m'thupi la munthu. Amakhala m'dothi, m'mphako za mitengo yowola, makamaka m'zitosi za nkhunda. Akatswiri amene anafufuza ku Botswana anamupezanso m'mitengo ya tsanya, yomwe ija ya m'zigwa zotentha imene timaikonda pa nkhuni ndi makala. Zitosi zikauma n'kusanduka fumbi, timamupumira m'mapapo. Nkhunda zokha sizidwala kawirikawiri, chifukwa thupi lake limatentha kupitirira madigiri 40, ndipo pamenepo yisitiyi imalephera kuswana bwino.

Pafupifupi tonse tinakumana naye kale. Kafukufuku wina wa mu 2001 mumzinda wa New York anapeza kuti ana ambiri opitirira zaka ziwiri anali kale ndi zizindikiro m'magazi zosonyeza kuti thupi lawo linalimbanapo naye. Asilikali a m'thupi amamutsekera pakona m'mapapo, ndipo akhoza kugona pamenepo zaka zambiri. Ku France madokotala anaona odwala ochokera kuno ku Africa amene anali atakhala kumeneko zaka zochuluka, koma yisiti imene inawadwalitsa inali ya mtundu wa kwawo. Anaoloka nayo nyanja ili mtulo. Chimene chimaidzutsa ndi kuchepa kwa asilikali otchedwa CD4, makamaka akatsika pansi pa 100.

Tinthu tambiri ta mtundu wa bowa ndi nkhungu sitingathe kukhala m'thupi mwathu chifukwa ndi motentha kwambiri kwa ito. Crypto amatha, ndipo chinsinsi chake china ndi puloteni yotchedwa calcineurin, imene imalandira uthenga wa kutentha n'kukonzekeretsa selo lonse kuti lipirire. Mu 1997 akatswiri a pa yunivesite ya Duke ku America anaichotsa. Yisiti ija inkamera bwinobwino pamalo ozizirirapo, koma pa madigiri 37 inkalephera, ndipo sinathe kudwalitsa nyama zimene anayeserapo. Wina angafunse kuti bwanji osapanga mankhwala otseka puloteni imeneyi basi? Mankhwalawo alipo kale, koma ife anthu tilinso ndi calcineurin yathu imene asilikali a m'thupi amadalira. Mankhwala omwewo ndi amene amapatsa anthu oikidwa impso ya munthu wina pofuna kufooketsa chitetezo chawo. Kupatsa amenewa munthu amene chitetezo chake chatha kale kuli ngati kuotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Akatswiri akufunabe njira yotsekera ya yisiti yokha.

Ikangolowa m'mapapo, yisitiyi imamva kuti mpweya woipa wachuluka ndipo ayironi wasowa, pakuti thupi limabisa ayironi dala kuti tizilombo tisapeze. Kwa iyo zimenezi ndi uthenga wakuti yalowa mwa munthu. Pomwepo majini ena amatseguka ndipo imayamba kudzikuta ndi chikuto chokhuthala, chonanda ngati therere. Chikuto chimenechi chimalepheretsa asilikali a m'thupi kuigwira. Mu 1994 akatswiri anachotsa jini imodzi yokha yotchedwa CAP59: chikuto chinasowa ndipo mphamvu yodwalitsa inathera pomwepo. Ataibwezera, zonse zinabwerera. Maselo ena amafufuma mpaka kukula ngati kunenepa kwa tsitsi la munthu, moti msilikali sangawameze. Ena amalola kumezedwa, n'kukhala amoyo m'mimba mwa msilikaliyo, iye n'kumayenda nawo m'magazi ngati katundu wobisidwa pansi pa matumba m'lole yodutsa pachipata. Umu ndi mwina mwa mmene amafikira ku ubongo. Kumeneko amapezako zinthu zimene amapangira utoto wakuda wodzitetezera, wofanana ndi umene umadetsa khungu lathu.

Tsopano tifike pa nkhani imene imagawanitsa mabanja m'makonde a zipatala. Ubongo ndi mtsempha wa mumsana zimasambira m'madzi oyera amene thupi limapanga tsiku ndi tsiku, ndipo akale amatuluka kudzera m'timabowo tating'ono kubwerera m'magazi. Yisiti ija ikaswana m'madzi amenewa, iyo pamodzi ndi zinyenyeswa za chikuto chake chonanda zimatseka timabowoto, monga mmene zinyalala zimatsekera ngalande nthawi ya dzinja. Madzi akupangidwabe, potulukira palibe. Mutu ndi fupa, sungafufume. Ndiye munthu amamva mutu ngati ukung'ambika, amasanza, amaona zinthu ziwiriziwiri, ena amasiya kuona kapena kumva, ena amayamba kulankhula zosamveka.

Njira yochepetsera kupanikizika kumeneku ndi kuchotsako madzi a pamsana ndi singano. Tikudziwa zimene zimanenedwa m'midzi yathu, kuyambira ku Thambani mpaka ku Kunenekude: akuti akangokuchotsa madzi a pamsana ndiye kuti wapita. Mawu amenewa sanangochokera m'mutu mwa anthu. Anthu anaonadi abale awo akumwalira atachotsedwa madziwo. Koma tiyang'ane bwino kuti ndi ndani amene ankachotsedwa. Anali odwala amene anafika kuchipatala atatha kale, atayamba azungulira kwina konse, ndipo m'zaka zimenezo mankhwala amphamvu kunalibe. Singano inapeza imfa ili kale pakhomo. Kafukufuku wa ku Uganda ndi ku South Africa anasonyeza kuti odwala amene anachotsedwa madzi mobwereza m'masiku oyambirira ankapulumuka kwambiri kuposa amene sanachotsedwenso. Madziwo satha, thupi limapanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, pomwe dokotala amachotsa ochepa chabe. Odwala ambiri amanena okha kuti mutu wapepuka singano isanachoke n'komwe. Inu amene mumadikirira odwala, amalume ndi azakhali amene mawu anu ndi omaliza pabanja, dokotala akapempha kachiwiri kapena kachitatu musaganize kuti akuphunzirirapo ntchito. Ngalande ija yatsekekanso.

Kukula kwa vutoli si kwamasewera. Akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 152,000 padziko lonse anadwala matenda oumitsa khosi a mtundu umenewu, ndipo 112,000 anamwalira, ambiri mwa iwo kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Pa anthu asanu alionse omwalira ndi matenda obwera chifukwa cha Edzi, mmodzi amakhala wa crypto. Mu 2022 bungwe la WHO litatulutsa mndandanda wa tizilombo 19 ta mtundu wa bowa toopsa kwambiri, achibale awiri tikukambawa onse anali m'gulu la pamwamba.

Kwa zaka zambiri mankhwala amene ankapezeka m'zipatala zathu anali mapiritsi a fluconazole okha. Madokotala a ku Blantyre amene anatsatira odwala olandira mapiritsi okhawa anapeza kuti oposa theka ankamwalira pasanathe masabata 10. Chifukwa china chili mu majini omwe aja. Fluconazole amatseka puloteni imene yisiti imapangira khungu lake. Yisiti ikamva kuti yapanikizika, maselo ena amakopera kachiwiri mtolo wonse wa DNA umene muli jini ya puloteniyo pamodzi ndi jini ya kapampu kotulutsira mankhwala kunja. Zikatero mankhwala amachepa mphamvu. Izi zinaonedwa mwa odwala enieni ku Tanzania, ndipo anaonanso kuti akaphatikiza mankhwala achiwiri otchedwa flucytosine, maselo ochenjerawo amalephera kuchuluka.

Pa nkhani yopeza njira yabwino, dziko lathu lili ndi mbali yake imene tiyenera kuidziwa. Kafukufuku wa ACTA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anachitikira m'Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon, ndipo ndi amene anaonetsa phindu la flucytosine. Kenako kunabwera wa AMBITION, mmene munalowa odwala 844 a ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Kuno kwathu anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Anayesa kupereka dilipi imodzi yokha yamphamvu ya mankhwala a liposomal amphotericin B, kenako mapiritsi a mitundu iwiri ija kwa masiku 14, m'malo mwa dilipi ya masiku 7 imene inkavutitsa impso ndi kuchepetsa magazi. Pomatha masabata 10, omwalira anali pafupifupi 25 pa 100 alionse mwa olandira dilipi imodzi, pomwe kwa enawo anali pafupifupi 29. Zotsatirazi zinatuluka mu 2022 ndipo chaka chomwecho WHO inalangiza maiko kutsata njira yatsopanoyi. Amalawi anzathu amene anavomera kulowa m'kafukufukuyu ali pakati pa moyo ndi imfa anathandiza dziko lonse lapansi. Komabe tisadzinamize: 25 pa 100 ndi anthu ambiri, ndipo amenewo anali m'manja mwa akatswiri. Kupulumuka kwenikweni kuli pa kuipeza yisitiyi isanafike kumutu.

Chodabwitsa n'chakuti chikuto chomwe chija chimene imabisalamo ndi chimenenso chimaiulula. Zinyenyeswa zake zimayamba kuyandama m'magazi masabata angapo mutu usanayambe kupweteka. Pali kachipangizo koyezera kotchedwa CrAg, kofanana ndi koyezera malungo, kamene kamazipeza m'mphindi pafupifupi 10. Munthu amene CD4 yake yapezeka pansi pa 200 ayenera kuyezedwa. Akapezeka nazo asanadwale, amamuyeza ngati zafika kale kumutu, ndipo ngati sizinafike amayamba mapiritsi ali kunyumba.

Kuno ku Mwanza nkhaniyi ikutikhudza mwapadera chifukwa tili pachipata. Ana athu amadutsa pa Zobue kupita ku Tete, ku Harare ndi ku Joni. Ena amanyamuka ndi ma ARV a miyezi ingapo, akatha amaopa kupita kuchipatala cha kumeneko chifukwa cha mapepala, ndipo amakhala chaka kapena ziwiri osamwa. Ena ali konkuno koma anasiya chifukwa anayamba kupeza bwino, kapena wina anawapempherera n'kuwauza kuti ataye mabotolo. Ife monga mpingo timakhulupirira pemphero, ndipo timakhulupiriranso kuti Mulungu amagwira ntchito kudzera mwa madokotala. Akanakhala kuti sitikhulupirira zimenezo sitikanamanga chipatala ku Malamulo. Aliyense wouza wodwala kuti asiye ma ARV akutumiza kwa yisiti ija uthenga umene yakhala ikuudikira zaka zonsezi. Masiku ano odwala ambiri a crypto si amene sanayezetsepo, koma amene anayambapo kale mankhwala.

Mwana wanu akabwerako wawonda, akudandaula mutu umene wakana panado kwa masiku angapo, musadikire kuti khosi liume, chifukwa ambiri odwala crypto khosi siliuma ndipo thupi silitentha kwenikweni. Akayamba kusokonezeka musathamangire kunena kuti amulodza anzake a kuntchito kapena wagwidwa ndi ziwanda. Itanani akulu a mpingo adzamupempherere ndi kumudzoza mafuta, koma galimoto ikhale ikubwera. Likakhala tsiku la Sabata musadikire kuti dzuwa lilowe. Mukafika pachipatala nenani zoona zonse, kuti anasiya mankhwala liti, ndipo funsani za CD4 ndi CrAg. Achipatala sakufuna kumukalipira, akufuna kudziwa poyambira. Matendawa sapatsirana kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, ndiye mudyetseni, musambitseni, mugone naye chipinda chimodzi popanda mantha.

Za nkhunda, sitikunena kuti muphwasule makola. Yisitiyi ili ponseponse ndipo kupha nkhunda sikungaithetse. Koma amene chitetezo chake chili chotsika asakhale iye wosesa m'khola kapena wonyamula zitosi kupita nazo kudimba. Wosesayo ayambe wawaza madzi kuti fumbi lisabuke.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza mabanja wodwala akatuluka m'chipatala. Choyamba, dokotala sayambitsa kapena kubwezeretsa ma ARV nthawi yomweyo. Amadikira masabata 4 mpaka 6. Abale ena amaona ngati aiwalidwa, n'kukatenga botolo lakale kunyumba kuyamba kumumwetsa. Musatero. Asilikali a m'thupi akadzuka mwadzidzidzi n'kupeza mutu wadzaza yisiti, nkhondo yake imatupitsa ubongo, ndipo kafukufuku wa mu 2014 ku Uganda ndi ku South Africa anapeza kuti oyamba ma ARV msanga ankamwalira kwambiri kuposa odikira. Chachiwiri, masiku 14 aja akatha ntchito sinathe. Pamatsatira masabata 8 a fluconazole wamphamvu, kenako wocheperako tsiku lililonse kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, kufikira achipatala ataona kuti CD4 yakwera ndipo kachilombo ka HIV kagonja m'magazi. Mayi amene ali ndi pakati kapena akuganiza zotenga pakati auze dokotala, popeza fluconazole wambiri akhoza kuvulaza mwana wosabadwa.

Apa ndi pamene amayi a Dorika ndi madikoni angathandize kwambiri. Wodwala akafika mwezi wachitatu amakhala atanenepa, wabwerera kumunda kapena kukagulitsa manachesi pamsewu, ndipo ulendo wa kuchipatala umaoneka ngati kutaya ndalama ya kabaza. Mukapita kukamuona ndi ufa ndi sopo, ngati iye mwini anakuululirani za matenda ake, mupempheni kabuku ka kuchipatala muone limodzi tsiku lokatenga mankhwala, muwerengenso mapiritsi otsala m'botolo. Ngati akukonza zobwerera ku Joni, ayambe wapita kukauza achipatala kuti amulembere kalata yosamukira, yotchula mankhwala onse awiri, ma ARV ndi fluconazole, ndi mlingo wake.